Momwe Ndinalondolera Ba Njovu Mpaka pa Intercity

Mtauni, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira pomwe ndinalembedwa ntchito koyamba, ine Yotamu Sakala, imvi zitayamba kale kusuzumira. Kufikira nthawi imeneyo ndinkagulitsa nsapato za salaula, zija zovalidwapo kale, m'mbali mwa msewu mtauni, diso limodzi pa wogula, lina kothawira. Pamalonda ndinali ndi zida zitatu. Choyamba chinali kabodza kakang'ono: nsapato iliyonse inali yachikopa chenicheni, ngakhale ija yonunkha pulasitiki dzuwa likatentha. Chachiwiri chinali kuopseza: "Amai, mukayenda, kuli wina wakamba ati abwela manje manje." Chachitatu ndinkachigwiritsa ntchito pokagula mabelo kwa a holoselo. Mtengo ukakanika, umatembenuka n'kumapita. Koma supita ngati munthu wothamangira basi. Umayenda pang'onopang'ono, mapewa ali pansi, makutu onse utawasiya kumbuyo, mpaka umve mawu okoma kuposa kwaya: "Bwelani mdala, tikambe." Chida chimenechi chinali chisanandigwiritsepo mwala.

Tsiku lina kunabwera mayi wamfupi wa mawu ngati belu la sukulu, akufuna nsapato zoyera za manesi. Zomwe ndinali nazo zinali zazing'ono kwa iye. Ndinamuuza kuti chikopa chimafutukuka, kuti phazi limatupa masana okha, kuti m'mawa adzandithokoza. Anagula. Sabata isanathe anabweranso akutsimphina, nsapato zili m'manja, ine n'kuyamba kuyang'ana njira.

"Imwe ndimwe ba kum'mawa, ka?" anatero. "Naona chabe. Bakudya mbewa bonse ni so."

"Na imwe ba mayo ndimwe ba ku Luapula," ndinayankha. "Mapazi anakula na kupilikitsa kolwe mu mitengo."

Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, timanyozana popanda mlandu, iwo za mbewa, ife za kolwe, ndiye anyani m'chinenero chawo. Anaseka mpaka kugwira mpanda. Kenako anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Munthu wamene anganigulitse nsapato izi angakambe na munthu aliyense mu Lusaka. Mufuna nchito?"

Ameneyo anali Sisita Mwansa, bwana wanga kufikira tsiku lomwe ndinapuma. Nsapato zija sanandibwezere. Anazipachika pamsomali mu ofesi, akuti azikumbukira mtundu wa munthu amene anamulemba ntchito.

Woodlands, zaka zoyamba

Ofesi yathu inali nyumba yakale ku Woodlands, yokhala ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi a pachipatala china chachikulu ankachita kafukufuku wa khansa ya m'malo amenewa. Funso lawo linali losavuta kulimva: bwanji anthu amafika matenda atapita kale patali, ndipo amene afika msanga zimawathera bwanji? Munthu wosasa mawu kwa nthawi yaitali, kapena wotsekeka mphuno mbali imodzi, wotuluka magazi m'mphuno, wa chotupa m'khosi, akavomera kulowa m'kafukufukuyo ankamuyang'ana m'kati ndi kapaipi kowonda kokhala ndi nyali. Pakaoneka chokayikitsa ankachotsa kachidutswa ka mnofu n'kukatumiza kuti akakapime. Kenako ankamuuza tsiku lobwera kudzamva zotsatira. Vuto linali pomwepo. Ambiri sankabweranso. Ntchito yanga inali yowalondola kumene amakhala n'kuwauza kuti adokotala akuwafuna.

Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya mwana. Sisita anandikhazika pansi pa nsapato zija tsiku loyamba lomwe.

"Mvelani ba Sakala, kuno sitigulitsa salaula. Chakuyamba, osanama. Chachibili, osawopseza munthu. Chachitatu, ma lizauti si yanu, mwini wake azamvela kwa dokotala. Munthu akakana, wakana. Mumulaile bwino, mubwele."

"Manje Sisita, mwanichotsa mano yonse, nizatafuna na chani?"

"Na nkhama. Mbewa ni yofewa."

Ndinaseka. Zida zanga ziwiri zinali zitalandidwa m'mawa umodzi.

Chimene palibe anandichenjeza n'chakuti ntchito imeneyi imalowa m'thupi. Ndisanaiyambe sindinkadziwa kuti ndili ndi khosi. Nditaona anthu akupumira pa kabowo ka pansi pa chibwano, ndinayamba kudzipapasa m'mawa uliwonse pagalasi. Chimfine chikandigwira ndinkayesa mawu kubafa, kuimba vesi limodzi la nyimbo ya ku tchalitchi kuti ndimve ngati asasa. Fodya ndinamusiya mwezi woyamba, osati chifukwa cha nzeru, koma mantha enieni. Tsiku lina ndinapeza kanthu kolimba pakati pa khosi, ndinawaitana amayi anu. Anakhudza, n'kundiyang'ana. "Atate ake Chikondi, ichi ndi chikhokhomo chanu. Munabadwa nacho. Ndinakukwatirani chilipo." Ndinapitabe kwa Sisita kuti atsimikize. Anaitana aliyense mu ofesi kuti adzaone munthu amene watulukira khosi lake.

Chaka chomwe galimoto inaima

Kafukufuku amayenda ndi mafuta, ana anga, osati ndi nzeru zokha. Cha m'ma 2010 thandizo linachedwa, galimoto yathu inaima pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka nkhuku za woyandikana naye zinayamba kuikira pansi pake. Ntchito sinaime. Ndinayamba kuyenda pa minibasi, ndipo ndinawonjezeredwa ina: kunyamula timabotolo ta tizidutswa tija kupita nato kokapima, m'bokosi labuluu longa la ogulitsa zoziziritsa kukhosi. Bokosilo ndinkalikumbatira pamiyendo ngati khanda. Kondakitala akati "Mdala, faka kumbuyo katundu," ndinkakana. Mayi wina anandifunsapo kuti, "Ba tate, muli na ya olenji?" Ndinati zatha. Sisita atamva anati bodza limenelo lokha walikhululuka.

Zinali zosekesa m'basi, koma m'makomboni ayi. Kunali mphekesera yakuti anthu a kafukufuku amatenga magazi ndi nyama za anthu kukachitira zausatana. Ndiye taganizani munthu wachilendo, wa bokosi, akufunsa nyumba ya wodwala. Manambala a nyumba kulibe. Wodwala amangokuuza kuti ukafika pogulitsa makala ukhotere kumanzere, ufunse amake auje. Ukafika, ogulitsa makala ali mbali zonse, ndipo amake auje alipo ambiri. Sungathe kunena chomwe ukumufunira, chifukwa matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Tsiku lina anyamata a pabawa anandizungulira, wina atatola kale mwala. Ndinapulumuka chifukwa m'modzi anandizindikira: "Ah, uyu ni mdala wa nsapato! Ananigulitsa ya kumanzele zibili!" Anandimenya khofi limodzi la nsapatozo, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Sindinayambe ndalandirapo khofi mokondwa chotero. Kuyambira tsiku limenelo bokosi ndi kulondola anthu sindinkaziphatikiza ulendo umodzi.

Musaganize kuti othawa anali osauka okha. Ku Kabulonga ndinaimapo pageti lalitali ndikulankhula ndi kabowo, agalu akundiwerenga nthiti. Abwana a m'katimo anali ndi mantha omwewo a munthu wa ku komboni, kungoti awo anali ndi mlonda.

Kabwata, chaka chomwecho, nyengo yotentha

Ba Eliya Njovu ndinkawadziwa ndisanawaone ku chipatala. Aliyense wokwera basi za ku Kabwata ndi Libala ankawadziwa. Anayamba ali kondakitala, atakula anakhala woitanira anthu pasiteshoni, ndipo mawu awo ankadutsa misewu iwiri. Ankati iwo safuna honi. Ndiye nditawapeza pabenchi ya chipatala akulankhula monong'ona ngati munthu woulula machimo, ndinadabwa.

"Ba Njovu, mawu mwagulitsa kuti?"

Anandikodola kuti ndiyandikire khutu. "Yali ku sevisi," ananong'ona. "Yazabwela na ma sipeya."

Anali atasasa kuyambira nyengo yozizira. Poyamba ankati ndi fumbi la pasiteshoni. Anamwa mandimu ndi uchi, anamwa mapilitsi a m'sitolo, anapimidwa chifuwa chachikulu osapezeka nacho. Akazi awo, amake Dalitso, ndi amene anawakokera kwa madokotala athu. Anavomera kulowa m'kafukufuku, anawachotsa kachidutswa pakhosi, n'kuwauza tsiku lobwera. Tsikulo linafika, iwo osaoneka. Foni yawo inali yozima, ndipo n'zomveka: munthu wopanda mawu foni ndi yachiyani?

M'mawa mwake Sisita anandiitana. Sanandinyoze za mbewa, sanafunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji. Apo ndinadziwa. Zotsatira sindinkaziona, koma zaka zonsezo ndinali nditaphunzira kuwerenga nkhope ya mayi ameneyu monga ndinkawerengera nkhope ya wogula.

"Ba Njovu ba ku Kabwata. Dokotala abafuna lelo. Osati next wiki, lelo."

"Ni voipa, Sisita?"

"Ba Sakala."

"Nafunsa chabe."

"Nizakuuzani chimodzi. Ngati babwela manje, dokotala ali na chochita. Vina osanifunsa. Endani."

Ku Kabwata ndinapeza chitseko chokhoma. Mayi woyandikana nawo, amene ankachapa panja, anandiuza asanandifunse n'komwe dzina, monga amachitira anthu a m'nyumba zogundana. Mkulu wawo wa Ba Njovu anafika kuchokera kumudzi kuseri kwa Katete. Banja linagwirizana kuti wodwala apite kwawo. Kunali sing'anga kumeneko amene anati mawuwo anamangidwa ndi anzawo a pasiteshoni chifukwa cha nsanje. Ananyamuka m'mamawa kupita ku Intercity, siteshoni ya mabasi a maulendo ataliatali.

Ine ndine wa kum'mawa, ndinamva zomwe mayiyo sananene. Kwathu munthu akadwala m'tauni mpaka abale kutaya mtima, amamutenga akadali moyo. Wamoyo amakhala pampando ngati wina aliyense. Wakufa amafuna galimoto yakeyake, ndi makalata, ndi masiku. Za sing'anga zinali zoona, koma pansi pake panali zimenezi. Ndipo ndinkadziwa kuti akangodutsa mlatho wa Luangwa, sitidzawaonanso.

Ndinakwera minibasi yopita mtauni. Inaima paliponse. Inadikira mayi amene anali akumangabe chitenje pakhomo pake. Ine thukuta lili chuchuchu, ndikupemphera pemphero limene sindinalipempherepo: kuti basi ya ku Chipata isadzaze.

Intercity, tsiku lomwelo masana

Pa Intercity sufika, umagwidwa. Ndisanalowe n'komwe, anyamata ogulitsa matikiti anali atandigwira mikono, wina akundikokera ku Kitwe, wina ku Livingstone. "Mdala muyenda kuti? Iyi yanyamuka manje!" Ndinati Chipata, ndipo anandinyamula ngati thumba la chimanga. Mabasi a kum'mawa analipo angapo. Ndinakwera yoyamba, kuyang'ana nkhope mpando ndi mpando, n'kutsika akunditukwana. Yachiwiri chimodzimodzi. M'yachitatu injini inali ikulira kale, ngakhale zimenezo pa Intercity sizitanthauza kanthu, ndipo mlaliki anali akumaliza kupempherera ulendo. Ndinawaona Ba Njovu chakumbuyo, pawindo. Anali ataonda m'masabata ochepawo mpaka kolala ya shati inkawazungulira ngati mkombero wa lichero. Pambali pawo amake Dalitso, maso ofiira. Kutsidya kwa kanjira bambo wamtali wa jekete yakuda ndi chipewa, m'kutentha konseko.

"Ba Njovu, tikambeko pansi pang'ono."

Bambo wa jeketeyo anaimirira. "Ndinu ndani, akulu?"

"Ndine Sakala. Ndimadziwana ndi achimwene anuwa."

"Ine ndine Gidiyoni, mkulu wake. Zokamba kumbali palibe. Chimene mukamuuze iye, mundiuze ine."

Ndinayang'ana Ba Njovu, chifukwa lamulo linali loti mwini nkhani ndiye alole. Anagwedeza mutu. Tinatsika tonse anayi n'kuima pambali pa basi, pamene anyamata ankakankhira matumba m'mimba mwake.

Ndinanena zomwe ndinatumidwa. Adokotala akuwafuna lero.

"Apeza chiyani?" anafunsa a Gidiyoni.

"Sindinaone. Adzawauza okha adokotala."

"Mwathamanga kuchokera ku Kabwata, malaya anyowa chonchi, koma simukudziwa? Akulu, ine si mwana. Ngati ndi matenda aja osatchula, nenani, tipite naye akaone amayi ake akadali ndi maso. Ngati si amenewo, nenaninso, akalandira mankhwala akabwera. Munamudula kale pakhosi, mawu sanabwere. Mukufuna mumudulenso chiyani?"

Sanali munthu woipa, a Gidiyoni. Anali atasiya munda wosasosa, n'kuyenda ulendo wonsewo kudzatenga mng'ono wawo. Ndipo anali atandiikira malonda patebulo bwinobwino, mbali zonse ziwiri zotsekeka. Ana anga, lilime langa linayabwa. Ndinkadziwa mawu enieni amene akanatsitsa thumba lawo m'basimo. Ndikanati, "Ndi kachilonda chabe, angotenga mapilitsi, mawa mukwera yoyamba." Akanabwera akuseka. Kapena ndikanati, "Mukapita nawo, simufika nawo Khisimasi." Amake Dalitso akanagwa pansi pomwepo, ndipo palibe akanakwera. Zida zanga zakale zonse ziwiri zinali m'kamwa, zonoledwa. Sisita anali kutali ku Woodlands, sakanamva. Ndipo moyo wa munthu si nsapato. Ndinadzifunsa kuti kabodza kamodzi kopulumutsa munthu kali ndi vuto lanji.

Koma ndinali nditaonapo munthu wobwera ndi bodza la achibale akumva zoona m'chipinda cha dokotala. Amatuluka osayang'ana aliyense, ndipo tsiku lotsatira sabwera. Chithandizo cha matenda amenewa si cha tsiku limodzi, munthu amayenera kubwera ndi miyendo yake mobwerezabwereza. Amene wakokedwa ndi chingwe amathawa chingwe chikamasuka. Komanso, kunena zoona, ndinkaopa nsapato zija za pamsomali.

Ndinasiya a Gidiyoni, n'kuyang'ana mwini wake.

"Ba Njovu, vamene vili mu ma lizauti siniziba, sinizakunamizani. Chamene niziba ni ichi. Sisita akamba ati lelo, osati next wiki. Akamba futi ati ngati mwabwela manje, dokotala ali na chochita. Ni vamene nili navo. Thupi ni yanu. Mukafuna kuyenda kumunzi, palibe azakugwilani, na ine sinizakulondolani futi."

Ba Njovu anayang'ana pansi. Amake Dalitso anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana alamu awo, n'kutsekanso. Kondakitala anakuwa kuti otsala akwere. A Gidiyoni anagwira mng'ono wawo pachigongono. "Mwamva. Sakudziwa. Tiyeni." Anakwera atatu onse.

Ndinawalaira monga anandiphunzitsira Sisita. "Muyende bwino." Ndipo ndinatembenuka.

Sindinganame kuti ndinatembenuka ngati munthu wogonja. Miyendo inachita zomwe inazolowera. Mapewa anagwa okha, mayendedwe anakhala aja a kwa a holoselo, makutu onse kumbuyo. Mumtima ndinkati, chida chachitatu Sisita sanachiletse. Yenda, Yotamu, usacheuke. Wocheuka waluza. Andiitana pompano. Ndinadutsa ogulitsa mabisiketi. Palibe. Ndinadutsa mayi wa mazira owiritsa. Ndinkamva ma honi, ndinkamva "Ndola Kitwe! Ndola Kitwe!", ndinkamva wilibala ikulira kufuna mafuta, koma "bwelani mdala" osamveka. Ndinachepetsanso liwiro mpaka wonyamula katundu anandigunda ndi thumba. "Mdala, muyenda olo muimilila?"

Ndinali pafupi ndi geti pomwe nzeru inandifikira, mochedwa ngati basi ya boma. Ndikudikira kuitanidwa ndi ndani? Ndi munthu amene, kuti ndimumve pabenchi yachete ya chipatala, ndinkachita kuika khutu pakamwa pake. Pa Intercity, masana. Ine katswiri wa malonda, ndasankha chida chofuna mawu pa munthu amene vuto lake lonse ndi mawu.

Mwina anaitana. Mwina anaitana n'kuona msana wanga ukupitirira, n'kuganiza kuti a chipatala amutaya. Ndinacheuka.

Basi inali itayamba kuyenda, ikubwera pang'onopang'ono chakugeti. Dzuwa linkawala pamagalasi, sindinkaona nkhope ya munthu. Ndinaima pamenepo pakamwa pali yasa, osadziwa ngati kuthamangira kukhala kukakamiza kapena ayi. Inandifika, mutu wake unandidutsa, pakati pake panandidutsa. Kenako chakumbuyo windo linatseguka, kunatuluka mkono woonda, chikhatho n'kumenya nthiti ya basi. Pha! Pha!

Aliyense wa mu Lusaka amadziwa kulira kumeneko. Ndi mmene kondakitala amaimitsira dalaivala. Dalaivala wa basi yaikuluyo, amene mosakayika anayambira pa minibasi, phazi lake linaponda buleki mutu usanaganize. Anthu anagundana m'katimo. Kondakitala anatulutsa mutu pachitseko. "Nindani wamenya basi yanga?"

Anatsika Ba Njovu, akugwira zitsulo, amake Dalitso pambuyo ndi kachikwama ka m'manja. Anandikodola monga paja, ndinapereka khutu.

"Iwe mdala," ananong'ona, akupuma movutika, "nakuitana kuchokela paja. Ndiwe gonthi? Uza ba dokotala bako bakupime makutu."

A Gidiyoni sanatsike. Thumba la zovala linali pansi pa matumba a anthu ena, ndipo dalaivala sakanadikira. Anaima pachitseko, chipewa chili m'manja, ndipo sanakuwe. Analankhula mofatsa, zomwe zinandiopsa kwambiri.

"A Sakala. Mwamutsitsa ndinu. Akafera kuno, mudzabwera naye ndinu kwa amayi ake."

Basi inatuluka pageti.

Miyezi yotsatira

Inali khansa ya pakhosi, pomwe pamatuluka mawu. Adokotala anawauza okha masana omwewo, akazi awo ali pambali, ine ndili panja pabenchi ndikuyang'ana nsapato za anthu odutsa. Anayamba chithandizo chowotcha chotupacho ndi makina, tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri. Khosi linada ngati lapsa ndi moto, kumeza kunali nkhondo, ankangomwa phala lamadzimadzi. Mawu a a Gidiyoni ankayenda nane paliponse. Ba Njovu akachedwa kufika, ndinkayamba kuganiza za msewu wa ku Katete, ndi mmene ndidzaimire pamaso pa mayi wokalamba amene sindinamuonepo. Ndinaonda nawo limodzi. Amayi anu anafika pondifunsa ngati makinawo akuwotcha anthu awiri.

Tsiku lina tikudikira pamzere ndinawafunsa chomwe chinawatsitsa m'basi muja. Anaseka kopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka.

"Ine nakulila pa sitesheni. Boza nimaimvela patali. Ukananinamiza, sembe nili ku Katete. Manje munthu wa salaula kukamba ati siniziba? Ninayopa, mdala. Ninati apa pali nkhani."

Mawu awo akale sanabwerere. Anatsala ndi mawu okhakhala ngati wailesi yosagwira bwino, ndipo pasiteshoni anawapatsa ntchito yoyang'anira mzere wa mabasi, akuimitsa ndi kunyamutsa ndi chikhatho. Kumudzi anapita ndi miyendo yawo chaka chotsatira, nakabwerako ndi nkhuku yochokera kwa a Gidiyoni. Uthenga panalibe, nkhuku yokha. Ndinaidya mwaulemu. Anakhala zaka zingapo, anakwatitsa Dalitso, ndipo ndinavina nawo. Ba Njovu atamwalira, a Gidiyoni anabwera okha kudzawatenga, ndipo sanandikumbutse kanthu.

Chelstone, masiku ano

Nkhani ya pa Intercity ndinalakwitsa kumuuza Sisita yonse. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anaima kuseka. "Koma ba Njovu bakamba zoona. Bwelani kuno." Anandilowetsa m'kachipinda kopimira makutu, kundiveka zomvera kumutu, n'kundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Ndinakhala nthawi yaitali ndikudikira kuti ayambe. Anali atayamba kale. Khutu langa lamanzere linapezeka kuti linafooka kalekale, mwina kuyambira ubwana, pomwe linkatuluka mafinya.

"So ndiye chinsinsi chanu," anatero Sisita. "Ba holoselo benze kukuitanani kalekale, imwe muyenda chabe. Beve bachotsako mtengo, imwe muyenda chabe. Munali kuganiza ati ni nzelu."

Ndinaseka naye, ndipo ndimasekabe ndikakumbukira kuti ukatswiri wanga wonse unali ugonthi. Zaka zonse ndinkapapasa khosi lopanda vuto, khutu lodwala lili pomwepo pambali.

Koma pali china chimene sindinamuuze Sisita, ngakhale tsiku lomwe ndinapuma ntchito iye n'kundipatsa nsapato zija zitakulungidwa ngati mphatso. Ba Njovu sanali munthu woyamba wosasa mawu amene ndinamulaira n'kutembenuka. Analipo ambiri m'zaka zoyambazo, m'makhonde a ku Libala, m'tinjira ta m'makomboni, amene anati ayi, ine n'kunena kuti chabwino, n'kumapita osacheuka monga mwa mwambo wa malonda. Iwo analibe basi yoti amenye. Ambiri mwina anakanadi. Koma sindidzadziwa, ndipo pokhala pakhonde pano ku Chelstone, minibasi ikamenyedwa kumsewu, mutu wanga umatembenuka wokha.

Ndiye ndikabwera kudzakuonani, n'kutsanzika, n'kufika pageti, n'kucheuka, n'kuyenda pang'ono, n'kucheukanso, musamatume adzukulu kudzandifunsa ngati ndaiwala chipewa. Amayi anu amati ndimachoka pakhomo pa anthu ngati nkhanu. Chipewa chili kumutu. Ndikungoona ngati pali pakamwa pakuyenda.